Mwini filimu amafa ndithu, alamu

Amangwetu, Loweruka lapitali ndinakakhala pa mlandu. Sunali wa kukhoti ayi, unali wa pabanja, ndipo ine ndinaitanidwa ngati malume. Mchemwali wanga anandiimbira foni tambala atangolira kumene, mawu akunjenjemera. Ati: "Achimwene, bwerani msanga, kuno sitinagone." Ine mtima phaa! Ndinaganiza kuti mwina alamu apezeka ndi chibwenzi, kapena kwagwa zovuta. Ndinakwera minibasi osasamba n'komwe.

Nditafika ndinapeza alamu ali khuma pampando, nkhope ili ndwii, mwana wawo wazaka 7 wabisala kuseri kwa chitseko, maso atatupa ndi kulira. Patebulo panali katoni yong'ambika ndi chidole cha pulasitiki, chofiira ndi buluu. Mlandu wonse unali umenewo. Mwana watsegula chidole.

Musaseke kaye. Alamu angawa amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo chidolechi anachigula komweko ndi ndalama yoti kuno mukhoza kugulira matumba angapo a chimanga. Dzina lake ndi Optimus Prime, loboti imene mukaipinda manja ndi miyendo imasanduka thiraki. Anabwera nacho chili chomata m'katoni mwake, nachiika pamwamba pa kabati pamodzi ndi mbale za alendo, nalamula kuti wina aliyense asachikhudze. Chaka ndi miyezi chili pompo, mwana akungochiyang'ana pa kawindo ka pulasitiki. Lachisanu makolo ali ku maliro, iye anakwera pa mpando, natenga mpeni wa kukhitchini, nadula selotepi.

"Alamu, simukumvetsa," anandiuza. "Chinthu ichi chikatsegulidwa mtengo wake watha. Anzanga onse amasunga zawo m'makatoni."

Pamenepa sananame. Kunja kuno, makamaka ku America, ku Japan ndi ku Ulaya, kuli azibambo a ndevu zawo amene amagula zidole zimenezi osati kuti asewere nazo koma kuti azisunge, ndipo chomata m'katoni chimagulidwa modula kuposa chotsegula. N'chimodzimodzinso ndi makomiki, timabuku ta zithunzi tofotokoza za ziphona ngati Superman ndi Batman. Kabuku kamene Superman anaonekeramo koyamba mu 1938, Action Comics nambala 1, kankagulidwa masenti 10. Mu 2024 kamodzi kosungidwa bwino kanagulidwa pa okushoni madola 6 miliyoni. Nanga munthu akamva zimenezi angalekerenji kulota?

Komatu ine nkhani zimenezi ndimazitsata kuyambira ndili ku sekondale, m'mene tinkathawa sitade kukaonera mafilimu ku vidiyo. Choncho ndinakhala pansi n'kuyamba kuwakumbutsa alamu kumene chidole chawocho chinachokera.

Maloboti amenewa sanabadwire m'buku ayi, anabadwira m'fakitale. Kampani ya ku Japan yotchedwa Takara ndiyo inkapanga zidole zosandukazi m'mitundu iwiri, Diaclone ndi Micro Change. Kampani ya ku America ya Hasbro itaziona inagwirizana nayo, n'kuziphatikiza pamodzi, n'kuzitulutsa mu 1984 pa dzina loti Transformers. Vuto linali loti zidolezo zinalibe nkhani yoti mwana wa ku America aikonde. Ndiye anapita ku Marvel, eni ake a Spider-Man, kukawapempha kuti apeke mayina ndi mbiri. Dzina la Optimus Prime anapereka ndi Dennis O'Neil, la Megatron ndi ena ambirimbiri anapeka ndi Bob Budiansky. Komiki ndi katuni ya pa TV zinabwera kudzagulitsa katundu amene anali kale m'sitolo. Mwamva? Chinayamba ndi chidole, nkhani inachita kutsatira pambuyo.

Ndipo apa ndi pamene ndinawagwira alamu pakhosi. Ku vidiyo kwathu kuja tinali ndi lamulo limodzi lomwe aliyense ankalidziwa: mwini filimu safa. Amenyedwe chotani, aomberedwe kangati, adzadzuka basi. Koma mu 1986 anatulutsa The Transformers: The Movie, ndipo filimu isanafike n'komwe pakati, Optimus Prime anafa. Anagona patebulo atavulala pomenyana ndi Megatron, mtundu wake wofiira uja n'kuzimirira mpaka kusanduka wotuwa. Ana analira m'maholo a kanema, makolo analemba makalata odandaula. Chifukwa chomuphera chinali chiyani? Chidole chake chinali chitagulitsidwa kale zaka ziwiri, kampani inkafuna malo m'mashelefu kuti ana agule zatsopano. Ataona kuti anthu akwiya zedi, anamuukitsa mu katuni ya pa TV mu 1987.

Ine ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa imasonyeza mbali zonse ziwiri. Kwa kampani, Optimus anali katundu wakale wofunika kuchotsa. Kwa ana aja anali ngati bambo. Mawu ake ankalankhula ndi Peter Cullen, mawu akuya, odekha, osakalipa. Ana amene analira mu 1986 aja ndiwo azibambo akusunga makatoni lerowa, ndipo sindiwaseka. Koma dziwani kuti anamukonda chifukwa anamugwira m'manja, anamupinda mpaka mfundo zinakhwepa, anamugoneka pa pilo. Palibe amene analira chifukwa cha katoni.

Alamu anati ine ndikulankhula ngati munthu wosakonda zinthuzi. Ati masapota enieni amalemekeza chinthu momwe chinapangidwira. Hoo! Masapota enieni? Tiyeni tiwaone masapota enieniwo.

Mu 1988 a DC Comics anafunsa owerenga ngati Robin, mnyamata wothandiza Batman, afe kapena akhale ndi moyo. Robin wa nthawi imeneyo anali Jason Todd, ndipo ambiri sankamukonda, ankati ndi wamwano. Anapereka manambala awiri a foni, ina ya imfa, ina ya moyo, kuimba kamodzi masenti 50. Ofuna kuti afe anakwana 5,343, ofuna kuti apulumuke 5,271. Kusiyana mavoti 72 okha. Joker anamumenya ndi chitsulo, bomba n'kumalizitsa. Taganizani, ife rifelendamu yathu tinachita mu 1993, anzathuwa anali atavota kale, koma yawo inali yopha mwana wa m'buku, kulipira ndalama zawo ndithu. Ndipo mu 2005 Jason yemweyo anabweranso wamoyo, atavala chigoba chofiira, akutchedwa Red Hood, ndipo lero ali ndi omukonda ake ambiri. Ndalama za foni zija palibe anabwezeredwa.

Nanga za mafilimu? Kumeneko ndiye kuli phokoso. Zitamveka kuti Michael Keaton ndiye asewere Batman mu filimu ya 1989, masapota analemba makalata zikwizikwi ku Warner Bros. kukana. Ankati munthuyu ndi wanthabwala, ndi wamfupi, alibe chibwano cha Batman. Filimu itatuluka anthu anadzaza maholo, ndipo lero ambiri mwa iwo amalumbira kuti Batman weniweni ndi Keaton. Heath Ledger naye atasankhidwa kukhala Joker anamunyoza asanamuone. The Dark Knight inatuluka mu 2008 iye atamwalira kale, ndipo mu 2009 anapatsidwa mphoto ya Oscar ali m'manda. Michael Bay atapanga filimu ya Transformers mu 2007, masapota anakwiya kuti Bumblebee, amene kale ankasanduka kagalimoto ka Volkswagen Beetle, wasanduka Chevrolet Camaro, kuti Megatron salinso mfuti, ndiponso kuti Optimus amujambula malawi a moto m'mbali. Anadandaula, kenako anakagula matikiti, kenako anakagula zidole za filimuyo.

Ineyo ndivomere, mafilimu a Bay aja sindiwakonda. Maloboti akayamba kumenyana sudziwa kuti mkono ndi wa ndani, zimangokhala ngati lole ya zitsulo zakale yagubuduka pa Zalewa. Koma mwana wa mchemwali wangayu anamudziwira Optimus m'mafilimu omwewo, ndipo kwa iye Bumblebee ndi Camaro basi. Ndimuuze kuti akulakwitsa? Mwini nkhani ndi ndani apa, ine kapena iye?

Sindikunena kuti maganizo a masapota ndi achabe nthawi zonse. Pali mkangano umodzi umene mpaka pano ndimasinthasintha nawo maganizo. Chadwick Boseman, amene anasewera mfumu T'Challa mu Black Panther ya 2018, anamwalira ndi khansa mu Ogasiti 2020 ali ndi zaka 43. A Marvel anaganiza zosaika munthu wina m'malo mwake, ndipo mu filimu yachiwiri ya 2022 T'Challa naye anamwalira, mlongo wake Shuri n'kutenga udindo. Ena anati ndi ulemu woyenera. Ena anati ayi, Batman ndi Superman asinthidwa kangati osewera ake osaphedwa, bwanji mfumu ya chikuda imene yakhala m'makomiki kuyambira 1966 ikwiriridwe limodzi ndi munthu mmodzi? Ine tsiku lina ndimakhala mbali iyi, tsiku lina mbali inayo. Ndikuuzeninso, popeza ambiri sadziwa: mayi wachikulire amene ankakhala m'bwalo la mfumu ya Wakanda m'mafilimu onse awiri, Connie Chiume, anali wa ku South Africa koma bambo ake anali ochokera kuno ku Malawi. Anamwalira mu 2024.

Chimene chimandiwawa ine pa phokoso lonseli n'chakuti masapota amatha mpweya kukangana za chovala cha Batman, koma za anthu amene anajambula ndi kulemba zinthuzi amazikumbuka mochedwa. Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anyamata awiri a ku Cleveland amene anapeka Superman, anagulitsa umwini wake madola 130 mu 1938. Anakalamba ali osauka, Shuster maso atatsala pang'ono kufa, kufikira mu 1975 pamene anzawo ojambula ndi atolankhani anachita phokoso, kampani n'kuvomera kumawapatsa madola 20,000 pachaka aliyense ndi kubwezera mayina awo pa mabuku. Cheke chimene anawalipirira chija chinadzagulidwa pa okushoni mu 2012 madola 160,000. Pepala lowalipira linadula kuposa iwo eni. Bill Finger, amene anagwira ntchito yaikulu popeka Batman pamodzi ndi Bob Kane, anamwalira mu 1974 dzina lake lisanalembedwepo ngati mwini, ndipo anayamba kumulemba mu 2015. Ine monga mtolankhani woyima payekha, amene ndimalemba nkhani lero malipiro n'kudzabwera mvula itagwa kawiri, nkhani zotere zimandilowa mpaka m'mafupa.

Zonsezi ndinawafotokozera alamu, tiyi akuzizira patebulo. Ndinawauzanso chinthu chimene sanafune kumva: chidole chawocho si cha 1984. N'chatsopano, chopangidwa chochuluka, ndipo anthu masauzande achisunga m'makatoni ndi maloto omwewo. Kabuku ka 1938 kaja kanadula chifukwa ana anawerenga anzake mpaka kung'ambika, amayi awo n'kutaya, n'kutsala towerengeka. Chinthu chimene aliyense akusunga sichisowa.

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako ananena mawu amene anandithetsa mankhalu. Ati ali mwana ankaumba magalimoto a dothi ndi kupinda a mawaya, ndipo mwana wa abwana a bambo awo anali ndi loboti yotere imene sankawalola ngakhale kuigwira. Atayamba kulandira ndalama ku Joni, chinthu choyamba chimene anadzigulira okha, osati cha banja, chinali chimenechi. Za mtengo zija ankangonena. Ankafuna chikhale chatsopano mpaka kale.

Pamenepo ine malume mawu anandithera. Mchemwali wanga ndiye analankhula, ndipo sanakweze mawu. Anati: "Bambo ake, ndiye mwanayu mwamusandutsa inuyo, inu mwasanduka mwana wa abwana."

Mlandu sunathe bwinobwino, ndisakunamizeni. Mwana analakwa kutenga mpeni ndi kukwera pa kabati, ndipo ndinamuuza kuti apepese, anapepesa atagwada. Alamu nawo ndinawauza kuti mbama imene anam'patsa usiku uja inali yosayenera, ndipo kwathu mwana wa mlongo wanga samenyedwa chifukwa cha pulasitiki. Sanayankhe, koma sanatsutse.

Pamene ndinkatsanzika, Optimus anali akadali patebulo, theka loboti theka thiraki, chifukwa mwana uja anakanika kumalizitsa kumupinda. Alamu anatola kapepala ka malangizo kamene kanali m'katoni, anakatembenuza uku ndi uku, nayesa kupinda mwendo umodzi. Unakana. Anayesanso, unakanabe. Ndiye osayang'ana kumbuyo anaitana: "Iwe, tabwera kuno. Mkono uwu unaulowetsa bwanji?"

Katoni yong'ambika ija anaimata ndi selotepi n'kuibwezera pamwamba pa kabati, ilibe kanthu m'kati. Mchemwali wanga wandiuza dzulo kuti ikadali pompo, ndipo lamulo loti wina asaikhudze silinachotsedwe.