ZA PABENCHI: Chisipanishi chotsanzikira kasitomala

Anzanga a geni, munthu akayamba kuphunzira chilankhulo cha eni amathamangira manambala ndi mitengo. Wophunzira Chisipanishi naye amaloweza "cuánto cuesta", kutanthauza kuti "ndalama zingati", n'kumati basi wakhoza. Ayi ndithu! Inu nomwe mukudziwa kuti chimene chimabweza kasitomala mawa si mtengo wokha, komanso mau amene mwamuuza pomupatsa chenji.

Chilankhulochi si chamasewera. Anthu pafupifupi 500 miliyoni anachiyamwira, ndipo n'cha boma m'maiko 20, kuyambira Spain, Mexico, Cuba mpaka Equatorial Guinea muno mu Africa. Konseko amalonda satsanzika chimanjamanja.

Mukagula tomato pamsika wa La Merced ku Mexico City, mayi wogulitsa amakutsanzikani kuti "que le vaya bien". Katchulidwe kake ndi "ke le baya byen". Ameneyu ndi "zikuyendereni bwino" wathu yemwe uja. Inu musangoti duu, yankhani kuti "gracias, igualmente", zikomo, nanunso chimodzimodzi.

Chinsinsi chili pa kamau kakuti "que". Ife pofunira munthu zabwino timasintha "mumayenda" kukhala "muyende". Iwonso amatero: amatsogoza "que", kenako "va" amasanduka "vaya", "tiene" amasanduka "tenga". Ndiye "que tenga buen día" ndi muswere bwino, "que descanse" ndi mukapume bwino, pomwe wodwala amamuuza kuti "que se mejore", mupeze bwino.

Koma pamene pagona nkhani ndi apa. Monga ife tili ndi "iwe" ndi "inu", iwo ali ndi "tú" ndi "usted". Mnzanu kapena mwana mumamuuza kuti "que te vaya bien". Munthu wamkulu kapena mlendo ndi "que le vaya bien". Chilembo chimodzi chokha, koma mukachiphonya zili ngati kuuza apongozi kuti "uyende bwino iwe". Ku Spain ambiri sadandaula ndi "tú", koma ku Mexico ndi Colombia akuluakulu amayembekeza "usted". Yambani ndi "le", mwini wake akafuna adzakumasulani yekha.

Alipo ena afupiafupi. Wapaulendo ndi "buen viaje", ndipo j wao amamveka ngati h wathu, "byahe". Woyamba geni yatsopano ndi "buena suerte", mwayi ukhale nanu. Wa ukwati kapena amene kwao kwabadwa mwana ndi "felicidades". Munthu akayetsemula ku Mexico amati "salud", ku Spain ambiri amati "Jesús". Ndipo taonani kusiyana: kwathu amene akudya ndiye amaitana wodutsa, koma ku Mexico wodutsa ndiye amayamba, amati "buen provecho", chakudya chikukomereni, ngakhale sakudziwana.

Inu amene mumaoda katundu ku Tete kapena ku Milange muli ndi poyambira, pakuti Chipwitikizi ndi Chisipanishi ndi pachibale: "boa viagem" ndi "buen viaje", "boa sorte" ndi "buena suerte". Koma "obrigado" musiyeni pachipata, kwa anzathuwa zikomo ndi "gracias".

Mau amenewa safuna mpamba, ndipo palibe wa tikiti amene angakulipiritseni. Tionana sabata yamawa. Poti ndinu ambiri, "le" asanduka "les": que les vaya bien!