DIRESI LOYAMBA LINGAKHOTE, KOMA LISOKEDWE PA NYUMBA

M'nyumba zambiri za mu Lusaka, Kabwe ndi Chipata muli makina osokera amene angokhala pa ngodya atafundikidwa nsalu, ndipo pamwamba pake paikidwa wailesi kapena maluwa. Makinawo, a Singer kapena a Butterfly, anali a agogo kapena a amai, ndipo pa masiku ao anabveka banja lonse. Lero mdzukulu apita ku salaula, nagula diresi lomthina m'cifuwa, nalipiranso telala kuti alikonze. Nkhani imeneyi ifunika kuilingalira bwino, pakuti luso likatayika mu mbadwo umodzi silibwerera msanga.

Kale dziko lino linali kuomba nsalu zakezake. Kafue Textiles inayamba nchito ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe, yomangidwa ndi thandizo la dziko la China, inatsegulidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Pambuyo pa caka ca 1991, malonda atamasulidwa, mabelo a salaula ndi nsalu zochipa za kunja zinadzaza misika. Mafakitale ambiri a zobvala, makamaka ku Livingstone, anatsekedwa, ndipo mu 2007 Mulungushi nayo inaleka kuomba. Pa zaka zomwezo makina a m'nyumba analeka kulira, cifukwa kugula kunakhala kwapafupi koposa kusoka.

Salaula si mdani. Yabveka amphawi ambiri amene akanayenda ndi nsanza, ndipo yadyetsa mabanja a amai ogulitsa pa Soweto Market ndi misika ina. Ena anganenenso kuti citenge, ulusi ndi zipi pamodzi zidula koposa diresi la pa mulu, ndipo kawirikawiri anena zoona. Koma cobvala ca salaula cinapimidwa pa thupi la munthu wina wa dziko lina. Mai amene asoka yekha asankha nsalu, utali ndi khosi monga afunira mwini. Coposa apo, ndalama ya diresi loyamba iri ngati ndalama ya sukulu. Amene wamaliza diresi limodzi akhoza kucepetsa la salaula, kupendera yunifomu ya mwana, ndi kuika cigamba pa kabudula popanda kulipira munthu.

Cimene ciopsa woyamba ndico kudula nsalu, ndipo manthawo ali ndi cifukwa, pakuti sizasi ikadya siibweza. Motero woyamba asagule nsalu yodula kapena yoterera. Citenge wamba ca thonje ndico cabwino, cifukwa sicithawa pansi pa singano. Zitenge ziwiri za mamita 2 cimodzi zikwana diresi ndi kusiyako kansalu koyeserapo. Asanadule acicape ndi kucisita, popeza thonje lifupika likalowa m'madzi koyamba, ndipo diresi losokedwa pa nsalu yosacapa lingakwane lero koma n'kuthina sabata la mawa.

Pambuyo pake apime cifuwa, ciuno, matako ndi utali, ndi kulemba zonse pa pepala. Tepi isamangidwe kolimba, ndipo pa muyeso wa cifuwa ndi matako aonjezepo masentimita 5 kapena kuposerapo, kuti thupi lipume ndi kuti munthu akhale pansi bwino. Amene alibe pepala la citsanzo atenge diresi lakale lomkwana, aliyale pa nyuzipepala, najambule mbali iriyonse, kusiya sentimita 1 ndi theka m'mphepete monse kaamba ka msoko. Diresi loyamba likhale lopepuka: lotaya, lopanda kolala, la khosi lalikulu lolowa mutu popanda zipi. Manja ndi zipi ndizo zigwetsa ulesi anthu ambiri, cotero ziyembekeze diresi laciwiri kapena lacitatu.

Pa citenge pali msampha wina. Maluwa ake, mbalame kapena miphika ziri ndi kumwamba ndi kunsi, ndipo amene adula mofulumira apeza kuti kutsogolo mbalame ziimirira pamene kumbuyo zazondoka. Ayenera kuyala mbali zonse pa nsalu ndi kuziyang'ana asanagwire sizasi. Akadula alumikize ndi dzanja mwa apo ndi apo, abvale, naone pamene pathina kapena pataya, ndipo apo m'pamene apite ku makina. Msoko uliwonse ausite ndi nsimbi asanayambe wina, cifukwa nsimbi ndiyo isiyanitsa cobvala caudongo ndi cokhwinyata. Ulusi ukamapotana kunsi kwa nsalu, makina sanafe ai. Kawirikawiri ulusi wa pamwamba ndiwo sunapite m'njira yake, ndipo kuucotsa ndi kuulowetsanso kuthetsa bvutolo. Singano yobuntha isinthidwe, ndipo makina a zitsulo amene akhala zaka osagwira nchito afuna kupukutidwa ndi kudonthezedwa mafuta ake.

Ngakhale acite zonsezi, diresi loyamba lidzakhota penapake. Mpendero udzatsika mbali imodzi, kapena khosi lidzayasama. Apa m'pamene a pa nyumba alakwa kwambiri, pakuti kuseka kwa mwamuna kapena kwa mlamu kwabwezera makina ambiri pa ngodya. Telala amene lero anthu amfolera pa khonde la sitolo ku Kamwala nayenso anamasulapo misoko yokhota. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyamba alibvale diresi lakelo ngakhale pa nyumba pokha, pakuti polibvala m'pamene adziwa cimene adzakonza pa lotsatira.

Udindo waukulu uli pa amai acikulire amene luso liri m'manja mwao. Iwo asadikire kufunsidwa, koma aitane ana ndi adzukulu, anyamata ndi atsikana omwe, nawakhazike pa makina maso akali kuona bowo la singano. Magulu a amai a m'machalichi ndi m'makomboni angasonkhe ndalama zokonzetsera makina amodzi ndi kumaphunzitsana Loweruka masana. Nawo masukulu amene aphunzitsa za pa nyumba asakhutire ndi kusoketsa ana kansalu ka m'manja, koma aone kuti mwana aliyense wamaliza cobvala cimodzi cobvalika asanacoke. Matelala asaope kuti nchito idzawathera, popeza munthu amene walimbanapo ndi mkono wa diresi sanyinyirika polipira diresi la ukwati.

Kumanga fakitale ya nsalu ndi nchito ya Boma ndi a cuma. Koma kufundukula makina a agogo, kuwathira mafuta ndi kugula zitenge ziwiri, banja liri lonse lingathe mwezi uno.