Musanandiuze za Legson Kayira, ndiuzeni wotsala ndi mpunga

Anzanga a pasukulu atamva kuti ndikukayika zopita ku Ulaya kukaphunzira kwa chaka chimodzi, anandiseka. Wina anati: "Aise, Legson Kayira anayenda wapansi, iwe ukukana ndege?" Dzina limeneli latha ntchito yolimbikitsa achinyamata, tsopano lasanduka chikwapu chokwapulira aliyense amene waima kaye kuti aganize.

Nkhani yake ndimaidziwa, ndipo kwathu kumpoto timainyadira. Mu 1958 anachoka ku Nyasaland wapansi, nadutsa Tanganyika ndi Uganda mpaka kufika ku Khartoum. Mu 1960 analandiridwa ku Skagit Valley College m'dziko la America, kenako anakaphunzira ku Cambridge. Koma okonda nkhaniyi amaimaliza pamene iye wafika. Sanena kuti moyo wake wonse wotsala anakhala kunja, ndipo anamwalira ku London mu 2012. Ulendo uliwonse uli ndi mtengo, ndipo ena amene amaulipira ndi otsala pakhomo.

Kwathu ndi ku Kaporo. Mayi anga amalima mpunga wa Kilombero. Bambo anatisiya kalekale. Tchuthi chikafika ine ndi amene ndimakangana ndi mavenda pa mtengo wa ndowa, ndi amene ndimawerengera matumba, ndipo kandalama ka maganyu anga a kutauni ndi kamene kamakwaniritsa fizi ya mchemwali wanga wa Fomu 3. Ndikachoka chaka chathunthu, ndiphonya kuwokera kwa mu Januwale ndi kukolola kwa mu Juni. Ntchito imeneyo siyembekeza munthu. Igwera wina, ndipo tonse tikudziwa kuti m'mabanja mwathu imagwera mtsikana. Ine ndidzabwera ndi zithunzi za chipale chofewa, iye ali ndi magiredi ogwa pa mayeso a MSCE.

Amati maphunzirowo ndi aulere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pasipoti ndi yako. Mayeso a Chingerezi ndi ako. Basi yochoka ku Karonga kupita ku Lilongwe, ulendo wa tsiku lonse, ndi yako, ndipo supita kamodzi. Zambiri mwa izi mtengo wake umatsatira dola, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mwana wa ku Area 47 amangopempha kunyumba. Mwana wa ku Kaporo amagulitsa mpunga umene unali wodya.

Musandimve molakwika. Sindikuti tisapite. Kupita ndikufuna, ndipo amene amati wophunzira kunja ndi wothawa kwawo ndimatsutsana nawonso. Ngakhale thandizo la Chevening limafuna kuti munthu akamaliza digiri yake ya chaka chimodzi abwerere kwawo kwa zaka ziwiri. Chimene ndikukana ndi bodza lakuti kulimba mtima ndi kunyamuka basi, ndipo woganizira banja ndi wamantha.

Ine ndasankha motere. Ndalembera sukuluyo kupempha kuti malo anga asungidwe mpaka chaka chamawa, mchemwali wanga atalemba mayeso. Mwina avomera, mwina ayi, ndipo akakana zindiwawa kwambiri. Pakadali pano ndakhala pansi ndi amalume, tagwirizana za amene adzayang'anire munda ndi amene adzagulitse mpunga. Tawerenga fizi ya materemu atatu ndi ndalama ya aganyu owokera, ndipo ndayamba kusunga.

Inu amene mukudzaza mafomu usiku uno, pitirizani. Koma pambali pa mndandanda wa viza, tikiti ndi jekete, lembaninso mndandanda wina: zonse zimene mumachita pakhomo, ndi dzina la munthu amene azisenze mukachoka. Kenako mukamufunse munthuyo maso ndi maso ngati wavomera. Ambiri a ife sitifunsa chifukwa yankho lake timaliopa.