Mawu Akathawa, Ndani Amafunsa za Pemphero?

Mwa anthu atatu alionse amene apulumuka ku sitiroko, pafupifupi mmodzi amatsitsimuka mawu atamuthawa. Madokotala vutoli amalitcha aphasia. Munthu nzeru zake zili momwemo, mkazi wake akumuzindikira, ngongole ya feteleza akuikumbuka, koma akati anene "madzi" pakamwa patuluka "nsapato", kapena sipatuluka kanthu, milomo ingogwedezeka. Nthendayi si ya mabwana a ku Area 10 okha ayi. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi WHO mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu BP yake inali yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. BP yosamwera mankhwala ndiyo imagwetsa anthu ambiri ndi sitiroko. Choncho anthu othawidwa mawuwa ali ponseponse, ku Chitipa ndi ku Nsanje komwe, atakhazikidwa pamkeka kuseri kwa nyumba.

Munthu wotereyu akamatulutsidwa ku Queens kapena ku Kamuzu Central, kabuku kake ka kuchipatala kamati wataya chiyani? Dzanja lamanja lafooka, mwendo wamanja ukukoka, sakulankhula. Zoona zonsezo. Nanga ndani amalemba kuti bamboyu ndi mkulu wa mpingo amene ankatsegula ndi pemphero pamaliro alionse m'mudzimo? Ndani amalemba kuti mayiyu ndiye ankayambitsa nyimbo kwa amayi a Mvano, kapena kuti mdala uyu ndiye ankaitanira anthu ku Swala m'bandakucha? Kalembera wa 2018 adasonyeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'dziko muno, opitirira atatu mwa anayi ndi Akhristu, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi Asilamu, ndipo amene adati alibe chipembedzo anali awiri okha pa 100. M'dziko lotere, tingamubwezere bwanji munthu mawu ake osafunsa kuti mawuwo ankalankhula nawo ndi yani? Kwa ambiri, amene ankalankhula naye podzuka ndi pogona, tsiku ndi tsiku, ndi Mulungu.

Wina anena kuti zimenezo n'za abusa, katswiri wophunzitsa kulankhula ntchito yake ndi lilime, milomo ndi ubongo. Chabwino, tikambe za ubongo womwewo. Mu 1861 dokotala wa ku Paris, Paul Broca, adaona wodwala amene kwa zaka zambiri ankangotha kunena liwu limodzi lokha, ndipo atamwalira adapeza kuti ubongo wake udawonongeka mbali yakumanzere. Patangopita zaka zochepa, John Hughlings Jackson wa ku London adazindikiranso china: odwala ambiri olephera kupanga chiganizo chawochawo amathabe kutulutsa mawu amene adawalowa m'magazi, monga moni, ngakhale kutukwana kumene. Kuwerenga manambala, mapemphero oloweza pamtima ndi nyimbo zili m'gulu lomwelo.

Amene adakhalapo gadiyani m'wodi zoterezi adaziona. Gogo wakhala sabata yonse ali duu, kumufunsa dzina angokuyang'ana, misozi ikulengeza. Lamulungu masana pafika amayi a mpingo wake m'mayunifomu, aima pakati pa mabedi, ayamba nyimbo ya m'buku imene gogoyo adaiphunzira ali mtsikana. Ndime yoyamba iye angogwedeza phazi labwinolo. Pofika pa kolasi milomo yayamba kutsatira, kenaka mawu omveka, mzere wathunthu, pakamwa pomwe paja popotoka. Mwana wake athamangira pakhonde kukaimba foni kumudzi kuti amayi achira. Pobwerako agwada pambali pa bedi n'kufunsa, "Amayi, mumwa tiyi?" Gogo ali duu ngati kale.

Apa ndipo pafunika katswiri. Akapanda kukhalapo, banja liganiza chimodzi mwa ziwiri: kuti chozizwitsa chachitika ndiye zachipatala zatha ntchito, kapena kuti gogo akuchitira dala, mawu ali nawo koma akungowakaniza. Zonsezi si zoona, ndipo chachiwirichi chimabala nkhanza pakhomo. Kuimba nyimbo yoloweza ndi kuyankha funso sizidutsa njira imodzi mu ubongo. Komatu nyimboyo ndi poyambira. Mu 1973 akatswiri atatu a ku Boston, Martin Albert, Robert Sparks ndi Nancy Helm, adalongosola njira yotchedwa Melodic Intonation Therapy. Wodwala amayamba ndi kuimba timawu ta tsiku ndi tsiku, katswiri akumugunditsa dzanja lamanzere motsatira kayimbidweko, kenaka nyimbo imachepetsedwa pang'onopang'ono mpaka patsale kulankhula. Njirayi siithandiza aliyense. Koma ngati sayansi idaona kale kuti chimene chidakhazikika mumtima chimatsala pamene zina zapita, bwanji wodwala wathu tizimulozera zithunzi za apulo ndi chipale zochokera m'mabuku a kunja, pamene Pemphero la Ambuye, kolona ndi Fatiha zili momwemo m'mutu mwake?

Anthu ambiri sadziwa kuti akatswiri omwewa ndiwo amaonanso za kumeza. Sitiroko imafooketsa minofu ya pakhosi, madzi kapena phala n'kumalowera kumapapo, ndipo chibayo chobwera motero chimapha odwala amene sitirokoyo idawasiya ndi moyo. Malangizo ake ndi odziwika: adye atakhala tsonga, supuni yaing'ono, osathamanga, ndipo ena zamadzimadzi ziwakhuthalire. Nanga tsiku la Mgonero zikhala bwanji? Kachidutswa ka buledi kouma ndi kakapu ka chakumwa, zomwe zija zotsamwitsa. Mkatolika amene wakhala akulandira Ukaristia chiyambire ubwana tingomuuza kuti basi, pamene mpingo wake umaphunzitsa kale kuti kanyenyeswa kakang'onong'ono n'kokwanira? Chisilamu chimalola wodwala kusasala m'mwezi wa Ramadan, koma mawu amenewo amakhazika mtima pansi akachokera kwa shehe kusiyana ndi kwa namwino. Adamuitanapo ndani sheheyo? Ndipo mneneri amene afika ndi botolo la madzi odalitsa n'kumutsanulira m'kamwa wodwala ali chigonere, akudziwa kuti madziwo angathere m'mapapo? Adamuuzapo ndani?

Pali nkhani ina imene achipatala sakonda kuimva. Munthu wagona ali bwinobwino, wadzuka pakamwa patapotoka. Kumudzi funso loyamba silikhala la BP. Limakhala lakuti wachita ndani. Ena amati amumenya ndi hamala ya afiti usiku, ndipo chala sichichedwa kuloza gogo wina wa pafupi. Lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, komabe nkhalamba zikuthamangitsidwabe m'midzi, zina kuphedwa kumene. Tsono wachipatala amene amva za hamalazi n'kuseka, kapena kukalipa kuti siyani zachikalezo, wapindulanji? Abale avomera mwaulemu, "Zikomo adokotala, tamva," mawa lake apempha kutuluka. Ulendo wa kwa sing'anga, ulendo wa kuphiri, ndipo miyezi yoyambirira ija, imene ubongo umachira mofulumira, ithera panjira. Kufunsa kuti, "Inu kwanu mukuti chachititsa n'chiyani?" si kuvomereza ufiti. Banja likaona kuti simukuliyesa lopusa, limakhala pansi, ndipo mutha kuliuza kuti kupemphera pempherani, koma mapiritsi a BP asadumphitse, ndipo Lachiwiri mubwere naye.

Koma tisafulumire kuomba m'manja. Pali ngozi ina, ndipo ife tikuona kuti kwathu kuno ndi yaikulu kuposa yoyambayo. Ku Ulaya achipatala amachita manyazi kutchula Mulungu pantchito. Ife ayi. M'zipatala zathu zambiri tsiku limayamba ndi pemphero, alaliki amalowa m'mawodi nthawi yoona odwala, ndipo zipatala za mipingo za pansi pa CHAM zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno. Zauzimu zidalowa kale. Chosafunsidwa n'chakuti, zauzimu za yani? Wodwala wolankhula atha kunena kuti, "Pepani, ine ndine Msilamu," kapena, "Ine wa Mboni," kapenanso, "Lero sindikufuna." Wa aphasia anena bwanji? Mlaliki wamugwira pamutu, akufuula kudzudzula chiwanda chosalankhulitsa, iye ali gone, kuthawa sangathe, kukana sangathe. Akalira, tinena kuti Mzimu wamukhudza. Tadziwa bwanji? Mwina ndi manyazi, mwina ndi mantha. Sitiroko payokha imachititsa ena kulira popanda chifukwa, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu opulumuka amadwala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, amene ali ndi chithandizo chake. Akatuluka mlalikiyo wodwala ali chimodzimodzi, mlandu ugwera yani? Kawirikawiri amati chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena pali tchimo limene akubisa, ndipo iye pakamwa poti adzitetezere alibe. Katswiri nayenso, akhale wopemphera chotani, akasandutsa ola la chithandizo kukhala ulaliki, wamulakwira wodwala mofanana ndi mlaliki uja.

Ndiye pochita pake ndi pati? Pa kufunsa. M'zaka za m'ma 1990 Christina Puchalski, dokotala wa pa George Washington University ku America, adakonza mafunso anayi otchedwa FICA: kodi muli ndi chikhulupiriro kapena china chimene chimakulimbitsani mtima, n'chofunika motani pa moyo wanu, muli ndi anthu amene mumasonkhana nawo, ndipo mukufuna ife achipatala tichitepo chiyani. Mwa anayiwa mulibe lolalikira. Kwa munthu wothawidwa mawu, mafunsowa afunsidwe limodzilimodzi, modekha, ndi zithunzi zoloza: mtanda, mzikiti, buku la nyimbo, ng'oma, komanso pepala lopanda kanthu la amene zonsezo sakuzifuna. Wofunsa akumbukire kuti ena a aphasia amasokoneza "eya" ndi "ayi", ndiye yankho limodzi silokwanira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mayankho ake angatidabwitse. Wina chimene akufuna poyamba si pemphero konse. Akufuna kutchula dzina la mdzukulu, kapena kuuza ana ake kuti munda wa kudambo asagulitse, popeza aona ngati bambo adapenga ndipo ayamba kugawana zinthu iye akuona. Wina wakwiyira Mulungu amene adamutumikira zaka 40. Pakati pa m'busa, mkazi wake ndi katswiri, ndani amulola kunena zimenezo, ngakhale ndi chala chokha?

Njirayi ena adaiponda kale. Cicely Saunders, amene adatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa thupi, wa maganizo, wa pabanja ndi wa mzimu sungalekanitsidwe, ndipo mu 2002 WHO idalemba zauzimu m'tanthauzo lake la chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika. Kwathu kuno a Tiyanjane ku Queens ndi a Ndi Moyo ku Salima amagwira ntchito yotereyi. Kodi mpaka munthu afike pa khansa yosachiritsika ndi pamene timuone wathunthu? Wa sitiroko atha kukhala zaka 20 ali moyo.

Za ana n'zambiri, tingokhudzako. Alipo amene malungo a mu ubongo adawasiya osalankhula bwino, alipo obadwa ndi mlomo wong'ambika, alipo achibwibwi. Buku la Eksodo limasimba kuti Mose adadandaula za kalankhulidwe kake, ndipo Korani ili ndi pemphero lake lopempha kuti lilime limasuke. Akhristu ndi Asilamu omwe amamulemekeza Mose ameneyu. Nanga bwanji ku Sande sukulu ndi ku madrasa mwana wachibwibwi amamudumpha pogawa mavesi, ndipo anzake akamuseka mphunzitsi amangomwetulira?

Akatswiri ophunzitsa kulankhula m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zilibe ngakhale mmodzi. Mabedi a ku Kachere ku Blantyre sangakwanire dziko lonse. Wodwala wa kumudzi akaonana ndi katswiri kamodzi pa miyezi ingapo ndiye kuti ndi wamwayi. Pamene amayi a Mvano, a Dorika, a Dawa ndi a m'miphakati amafika pakhomo pake kawirikawiri, popanda wowalipira thiransipoti. N'chiyani chikuletsa Unduna wa Zaumoyo, CHAM ndi Muslim Association of Malawi kuwaphunzitsa kwa tsiku limodzi lokha? Zowaphunzitsa si zambiri: kulankhula mmodzimmodzi, kudikira yankho ngakhale lichedwe, osamumalizira mawu asanapemphe, osamufuulira ngati wosamva, osamulankhula ngati khanda, osamukamba miseche iye ali pomwepo, ndi kumukhazika tsonga asanamupatse thobwa limene abwera nalo. Amene akulemba maphunziro a anamwino ndi a mafizo ku KUHeS, mafunso anayi aja awaikamo? Nanga kusukulu za ubusa ku Zomba ndi ku Nkhoma, ku seminale ya Kachebere ndi ya St Peter's? M'busa kapena wansembe amene akumaliza maphunziro chaka chino sadzatha nthawi pampingo wake woyamba asanaitanidwe kunyumba ya mkhristu wogwa ndi sitiroko. Aphunzitsi ake amuuza kuti akachite chiyani akakafika pakhomopo?