Nkhalango Zoduka Sizisunga Gogomole

M'mwezi wa Okutobala 2024 boma la United States linalengeza kuti mtundu wina wa gogomole, wotchedwa red-cockaded woodpecker m'Chingerezi, wachoka pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ngakhale kuti malamulo akuutetezabe. Mbalameyi inaikidwa pa mndandandawo mu 1970. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 midzi yake inali pafupifupi 1,470, koma pofika 2020 inali itakwana pafupifupi 7,800. Ife tikuona kuti nkhaniyi ili ndi phunziro lofunika kwa onse oyang'anira nkhalango: kusunga mitengo kokha sikukwanira ngati nkhalango imodzi ilibe njira yofikira ku inzake.

Gogomole ameneyu amakhala m'nkhalango za paini kum'mwera chakum'maŵa kwa dzikolo. Anzake ambiri amagoba mitengo youma, koma iye amagoba mphako yake mumtengo wamoyo, wa zaka 60 kapena kuposerapo, umene mtima wake wafeŵa ndi matenda a mtundu wa bowa. Ntchito yogoba mphako imodzi imatha kumtengera zaka. Akatha, amaboola timabala m'khungwa mozungulira khomo kuti utomoni uziyenderera ndi kutchinga njoka zokwera m'mitengo. Mphako yotere ndi chuma cha banja, ndipo imasiyidwa kwa ana.

Mabanja a mbalamezi amayenda ngati ukwati wa chitengwa. Ana aamuna ambiri amatsala pakhomo, kuthandiza makolo kufungatira mazira ndi kudyetsa anapiye, kudikira tsiku limene adzaloŵe m'malo mwa atate awo kapena mwa mnansi. Ana aakazi ndiwo kaŵirikaŵiri amachoka kukafuna banja kumudzi wina. Ofufuza amene atsata mbalamezi kwa zaka zambiri m'dera la Sandhills ku North Carolina anapeza kuti mwana wamkazi amayamba wazonda midzi yoyandikana nayo, kupita ndi kubwerera, asanasamuke. Anapezanso kuti amazengereza kuoloka malo aakulu opanda mitengo. Tsono nkhalango ikadulidwa pakati ndi minda, misewu ndi nyumba, yamphongo imakhala ndi mphako yabwino koma yopanda mkazi, yaikazi imafera panjira, ndipo zotsala zimakwatirana pachibale mpaka mudzi kuzilala.

Izi ndizo zinachitika. Kale nkhalango za paini wa masamba aatali zinali maekala pafupifupi 90 miliyoni, kuchokera ku Virginia mpaka ku Texas. Pofika zaka za m'ma 1990 kunatsala maekala ngati 3 miliyoni okha, omwazikana m'zigamba. Kuletsa moto kotheratu kunaonjezera vuto, chifukwa mitengo ina inamera mothithikana pansi pa paini, ndipo mbalamezi zimathaŵa malo otere. N'chifukwa chake masiku ano antchito a zankhalango amatentha tchire mwadongosolo pakapita zaka zoŵerengeka.

Njira ina yothandizira inakula chifukwa cha tsoka. Mu 1989 namondwe wotchedwa Hugo anagwetsa mitengo ya mphako 87 mwa 100 iliyonse m'nkhalango ya Francis Marion ku South Carolina. Antchito anayamba kuboola mphako ndi makina ndi kuloŵetsa timabokosi m'mitengo imene inatsala, ndipo mbalame zinaloŵamo. Kuchokera apo anthu anatha kukhazikitsa midzi yatsopano pamalo osankhidwa bwino, pafupi ndi midzi yakale, kuti ana osamuka aipeze mosavuta. Kumene mtunda unatalika kwambiri, ankagwira ana a mbalame ndi kuwanyamula kupita nawo ku nkhalango zosoŵa. Njira imeneyi yapulumutsa midzi yambiri, koma imadya ndalama chaka ndi chaka, ndipo imaima tsiku limene ndalamazo zatha. Nkhalango yolumikizana imagwira ntchito yomweyo popanda malipiro.

Chofunikanso kuchizindikira n'chakuti malo a boma okha sakanatha kutseka mipata. Pakati pa nkhalango za boma ndi malo ophunzitsira asilikali monga Fort Bragg pali malo a anthu wamba. Eni malo ena ankadula paini wawo msanga poopa kuti mbalame yotetezedwa ikakhazikika, lamulo liwamanga manja. Mu 1995 ku Sandhills kunayambika pangano lotchedwa Safe Harbor, lotsimikizira mwini malo kuti akasamala nkhalango yake ndipo mbalame zikachuluka, sadzamuonjezera ziletso. Mantha atachepa, mitengo imene ikanadulidwa inaima, ndipo inakhala popumira mbalame zapaulendo.

Gogomole wina wamkulu wa m'dziko lomwelo, ivory-billed woodpecker, sanapeze mwayi wotere. Nkhalango yake yotsiriza yodziŵika, Singer Tract ku Louisiana, inadulidwa, ndipo kuoneka kwake kotsiriza m'dzikolo kumene akatswiri onse amakuvomereza ndi kwa mu 1944. Madzi akatayika saoleka.

Kuno kwathu tili ndi gogomole wosoŵa wotchedwa Stierling's woodpecker, wa m'nkhalango za miombo monga ya Dzalanyama, amene amapezekanso kumpoto kwa Mozambique ndi kum'mwera kwa Tanzania. Miombo yake ikutha ndi nkhuni, makala ndi minda yatsopano. Tikupempha akuluakulu ogaŵa malo ndi olola kudula mitengo kuti asanasaine chikalata, ayang'ane pa mapu ndi kuona ngati malowo sali mlatho wotsiriza pakati pa nkhalango ziŵiri. Aphunzitsi nawonso, pophunzitsa za chilengedwe, aonetse ana kuti mzere wa mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mtsinje kapena m'malire a munda ndi njira ya mbalame, ndipo uyenera kusiyidwa uli chiimire.