Joni ndi Cape Town

Pa msika wa Mlangeni musamve wina akuti wapita ku Joni n'kuganiza kuti ali ku Johannesburg. Kwathu dziko lonse la South Africa ndi Joni basi, ngakhale munthuyo akusesa pabwalo la bwana ku Hout Bay, ku Cape Town. Pa kuchuluka kwa Amalawi, Johannesburg ndiye mkulu. Agogo athu anayamba kalekale kupita kumigodi ya kumeneko pa Wenela, mpaka Kamuzu analetsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri. Njira ija sinamerepo udzu. Lero pa Park Station mumamva Chichewa ngati muli pa depoti ya Ntcheu, ku Mayfair mumamvanso Chiyao, ndipo mabasi obwera kuno amanyamuka atasenza njinga, mafiliji ndi matilesi. Ku Cape Town Amalawi ndi ocheperapo, n'kutalinso, moti kubwera kudzalira maliro ndi nkhani yoyamba waganiza kawiri. Komatu kutalikako kumawamanga pamodzi: ku Capricorn ndi ku Masiphumelele amadziwana, amasonkherana wina akamwalira. Kwa ine, Johannesburg yapambana pa chiwerengero, koma pa umodzi ndikupatsa Cape Town.

— Wanu wa pa Mlangeni