Za Chitukuko Kwathu: Phunziro la chulu cha chiswe ku Harare

Munthu akachoka ku Mbare kapena ku Highfield n'kufika pakatikati pa mzinda wa Harare, amaona nyumba yaikulu yotchedwa Eastgate, yomwe padenga pake pali machumuni a njerwa okwana 48. Ambiri amangoidutsa osadziwa kuti nzeru zomangira nyumbayi zinachokera pa chulu cha chiswe, chomwe alimi tonse timachidziwa m'minda mwathu.

Nyumbayi, yomwe muli maofesi ndi masitolo, inatsegulidwa m'chaka cha 1996. Eni ake, a kampani ya Old Mutual, ankafuna maofesi amakono koma opanda makina oziziritsa mpweya, omwe amagulidwa kunja ndipo amadya magetsi ambiri. Katswiri wojambula mapulani a nyumba, a Mick Pearce, pamodzi ndi mainjiniya a kampani ya Arup, anayamba ndi kufunsa: kodi chiswe chimatani kuti mpweya uziyenda m'nyumba mwake?

Mzinda wa Harare uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,500, choncho usiku kumazizira ngakhale masana kutenthe. Usiku, zokupiza mphepo zimakoka mpweya wozizira n'kuulowetsa m'mipata ya m'kati mwa konkire, ndipo konkireyo imazizira. Masana mpweya wolowa m'maofesi umadutsa m'mipata yomweyo, pamene wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni aja. Kunja, konkire yotuluka pakhoma imatchinga mazenera ku dzuwa. M'chaka cha 2008 akatswiri a sayansi, a Scott Turner ndi a Rupert Soar, anasonyeza kuti chulu chimapuma ngati mapapo, mosiyanako ndi momwe anthu ankaganizira kale. Komabe nyumbayo inagwira ntchito yake, ndipo magetsi omwe imadya ndi ochepa poyerekeza ndi zinzake za msinkhu womwewo.

Tsono funso ndi lakuti: bwanji nzeru yotereyi inathera m'tauni, osafika komwe kumakhala anthu ambiri? Ku Mbare kuli nyumba za Matapi, zomwe boma la atsamunda linamangira amuna obwera kudzagwira ntchito opanda mabanja awo. M'madera ngati amenewa ndi momwe munafikira makolo athu ambiri ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Patapita zaka, chipinda cha mwamuna mmodzi chinasanduka nyumba ya banja lonse. M'chaka cha 2005, ntchito yogumula nyumba ya Murambatsvina inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pokhala kapena popezera ndalama, malinga ndi lipoti la bungwe la United Nations, ndipo ambiri anakathinana kwa abale. Pomwe anthu athinana m'chipinda chopanda mpweya wokwanira, chifuwa chachikulu cha TB chimafala msanga.

N'chifukwa chake inu alangizi ndi makomiti a chitukuko, pomanga ofesi ya kalabu, chipatala chaching'ono kapena mosungira mbewu, kumbukirani mfundo izi. Choyamba, makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, ndipo mbali ya kumadzulo ikhale ndi mazenera ochepa, pakuti dzuwa la madzulo ndi lomwe limawotcha kwambiri. Chachiwiri, siyani mipata ya mpweya m'munsi mwa khoma ndi ina pamwamba pafupi ndi denga, chifukwa mpweya wotentha umakwera. Chachitatu, denga lituluke ndithu kuti lipange mthunzi pakhoma, ndipo pansi pa malata muike siling'i, ngakhale ya bango. Chachinayi, bzalani mitengo isanayambe n'komwe ntchito yomanga. Alimi mukudziwa kale kuti chimanga chosungidwa pamalo ofunda ndi achinyezi chimachita chuku.

Zonsezi sizifuna mainjiniya ochokera kunja. Zimangofuna kuti mmisiri, komiti ndi eni dera akhale pansi asanakumbe maziko, pajatu mutu umodzi susenza denga. Ngati kampani yolemera inadzichepetsa n'kuphunzira kwa chiswe kuti isawononge ndalama, nanga ife amene ndalama yathu ndi yosonkha khobidi ndi khobidi? Mukamadutsa pa chulu popita kumunda mawa, imani pang'ono muone timabowo take, kenako mukayang'ane khoma la ofesi yanu.